K20 ya Ambuya

Atandipempha kuti ndikamasulire sewero m'chinenero chamanja pa holo ina muno mu Chipata, ndinakonzeka ngati wopita ku mayeso. Linali tsiku la 23 Seputembala, limene kuyambira 2018 dziko lonse limakumbukira zinenero zamanja. Sewerolo ndinaliwerengeratu, ndinavala bulauzi ya mtundu umodzi yopanda maluwamaluwa kuti zala zizioneka bwino, ndipo ndinakangana ndi mnyamata wa malaiti mpaka anandisiyira babu limodzi loyaka kumaso kwanga. Ndinaima m'mbali mwa siteji, pamalo poti anzathu ogontha a m'mabenchi akutsogolo, ena mwa iwo ophunzira pa sukulu ya ogontha ya ku Magwero, azitha kuona ine ndi osewera osapotoza khosi.

Nkhani yake inali ya bambo amene wagulitsa nshawa za banja n'kumwera ndalama zonse. Pomasulira anthu awiri okangana sumachita kunena kuti uyu akuti, uyo akuti. Umangotembenuza mapewa: uku ndiwe mwamuna, uko ndiwe mkazi, nkhope nayonso n'kumasintha, chifukwa funso limaonekera pansidze. Mkangano utakolera ndinali kutembenuka uku ndi uku, manja ali yakaliyakali, thukuta kamukamu.

Ambuya ena a kumbuyo anaona kuti pano pali gule. Anaimba nthungululu, nabwera ndi ndodo yawo pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima.

"Vina mwana wanga, onsewa wawaposa!"

K20 m'dzanja langa, pha!

Munthu wamkulu akakupatsa chinthu, sungalandire uli chilili. Maondo anapinda okha, manja onse awiri patsogolo. Tsoka ilo, nthawi imeneyo ndinali mwamuna uja, ndiye ogontha onse anaona kuti chidakwa chagwada kupepesa mkazi wake. Amayi ena anayamba kugwedeza manja m'mwamba, kuombera kwake kwa ogontha, kukondwa kuti bamboyo walapa. Pasiteji mwini wake anali atangomuuza mkaziyo kuti abwerere kwawo ku Katete.

Ndinadzuka msanga kuti ndikonze zinthu, koma siketi yanga inalibe thumba, ndipo kuponya pansi ndalama ya ambuya iwo akuona n'chipongwe. Ndinaipanira pakati pa zala. Pomwepo bambo uja anamenya pachifuwa nalumbira kuti alibe ngakhale ngwee imodzi. Ndinamasulira mokhulupirika, nkhope yachisoni ndithu, K20 ili pepepe pamaso pa anthu onse.

Benchi yakutsogolo inatsala pang'ono kugubuduka.

Mtsikana wosewera mkazi uja, wochenjera ngati kalulu, anasiya zolembedwa. Anandiloza nati, "Mulibe? Nanga yomwe wasunga mlongo wanuyo ndi ya yani?" Womasulira sasankha mawu. Ndinatembenuza mapewa, ndinakwinya nkhope, n'kudziloza ndekha pachifuwa kuti wakuba ndi uyu. Anabwera nakwatula ndalamayo, ineyo ndikumasulirabe mmene akundinyozera. Pambuyo pake ndinamufunsa, akuti yalowa m'thumba la gulu.

Panja ambuya aja anali kundidikira pamthunzi. Ndinayamba kufotokoza kuti ntchito yanga ndi yothandiza ogontha kumva sewero.

"Eya, eya, n'zabwino zimenezo," anatero akundisisita mkono. "Mdzukulu wanga akwatiwa mu Disembala. Umalipiritsa zingati?"