Funso la amalume landisowetsa tulo

Tulo tathawa, ndiye bola ndilembe. Nkhani yake ndi ya amalume ndi pepala langa lija.

Miyezi itatu tsopano ndakhala ndikujambula nyumba yomwe ndikufuna kumanga, ya denga la zidina lopindika ngati uta, lopanda phaso, lopanda malata. Masana ndinawatengera pulaniyo, poti iwo anayamba umisiri womanga ine ndisanabadwe, ndipo mumtimamu ndimafuna kuti adzaimange ndi manja awo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Kenako anati, "Mphwanga, iyi ndi nyumba kapena uvuni?"

Mawuwo anandilasa. Ndinayamba kulankhula mothamanga, monga ndichitira ndikapsa mtima. Ndinawauza za nkhokwe za ku Ramesseum, kufupi ndi Luxor ku Egypt, zomangidwa ndi njerwa zosawotcha m'nthawi ya mfumu Ramesses II, zomwe madenga ake ena akadali chiimire patatha zaka zoposa 3,000. Ndinafotokoza mmene amisiri a ku Nubia, dera la kumwera kwa Egypt ndi kumpoto kwa Sudan, ankamangira: njerwa za denga amaziyala mopendekeka, mzere uliwonse kutsamira unzake, woyambawo kutsamira khoma lakumapeto, motero sipafunika matabwa ochirikiza pansi. Ndipo si zakale zokha ayi. Ku Burkina Faso, Thomas Granier ndi Séri Youlou anayambitsa bungwe la La Voûte Nubienne m'chaka cha 2000, ndipo mpaka lero anthu akugona m'nyumba zotere.

Iwo anali phee, akungosisita pepalalo ndi chala chachikulu chija cha chikhadabo chong'ambika.

Chimene chimandikoka ine ndi kutentha. Ndatopa kugona pansi pa malata, thukuta kamukamu usiku wonse. Khoma lokhuthala la dothi limamwa kutentha pang'onopang'ono masana onse, n'kudzakutulutsa usiku kunja kutazizira, ndipo mpweya wotentha wa m'chipinda umakwera pamwamba pa utawo, pomwe ungatuluke ukasiya kazenera. Palibe nkhuni zowotchera njerwa, simenti ndi yochepa. Simentitu ndi imene imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa carbon dioxide womwe anthu timatulutsa padziko lonse. Zimenezi ndinanenanso, koma ndinaona kuti zikungodutsa.

Chinawagwira ndi tcheni. Panali katcheni kakale pakhoma, ndinakagwira nsonga ziwiri n'kukasiya kuti kalendewere. Ndinati, "Amalume, taonani kupindika uku. Mukakutembenuza mozondoka, ndilo dengalo. Njerwa iliyonse imangokanikiza inzake, palibe yokokedwa." Wasayansi wa ku England, Robert Hooke, anazilemba zimenezi cha m'ma 1670. Amalume anandilanda tchenicho, nakwezako dzanja limodzi, natsitsa, akuyang'anitsitsa. Maso awo anasintha, ndinaona ndithu.

"Ndiye kuti dengali lizikankha makoma chakunja," anatero. Ndinavomera. N'chifukwa chake makoma onyamula denga amakhala okhuthala pafupifupi masentimita 60, ndipo chipinda sichitambalala kupitirira mamita atatu ndi pang'ono. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wayamba kale kuwerengera maziko.

Apo m'pamene anafunsa. "Nanga mvula? Ya masiku anoyi, yogwa ya mwezi wathunthu tsiku limodzi?"

Yankho ndinali nalo: pepala la pulasitiki pamwamba pa denga, dothi lina pamwamba pake, mipopi yotaya madzi kutali ndi khoma, maziko a miyala otalika kuti chinyezi chisakwere. Koma iwo anati, "Adzakwere pamwambapo ndani chaka ndi chaka kukamata ming'alu? Iweyo ukadzafika msinkhu wangawu?" Ndinasowa chonena. Ku Luxor mvula n'kosowa, zimenezo ndikuzidziwa, ndipo nyengo yomwe ndikufuna kuithawa ndi nyumbayi ndi yomwenso ingaisungunule.

Kenako ananena motsitsa mawu kuti iwo anakulira m'nyumba ya dothi yodontha, ndipo moyo wawo wonse agwira ntchito kuti ana awo asadzagonenso m'yotero. Apa ndinakumbuka Hassan Fathy, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Egypt, yemwe m'ma 1940 anamanga mudzi wa New Gourna ndi madenga omwewa, wokongola zedi, koma ambiri mwa amene anawamangira sanafune kusamukiramo. Ndinkaiwerenga nkhaniyo ndikuwaona anthuwo ngati osamva. Lero ndamva mawu awo akutuluka pakamwa pa munthu amene ndimamukonda, ndipo mtima wanga wagawanika.

Madzulo onse ndakhala ndikuganiza zoika kadenga kena kopepuka pamwamba, kotalikirana ndi utawo kuti mphepo izidutsa pakati, mvula isakhudze dothi, mapanelo a sola n'kukhala pomwepo. Koma ndiye malata aja abwereranso, ndi mitengo yomwe. Kodi ikhalabe nyumba imene ndimailota?

Pepala lija sanandibwezere. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, ndipo potsanzikana anangofunsa kuti dothi la pamalopo ndi lamchenga kapena lamakande. Mawa ndikakumbeko pang'ono ndiwatengere.