Chotupa cha m'khosi: singano kaye, mpeni pambuyo

Pa phunziro la khansa ya m'mutu ndi m'khosi, chovuta kuzolowera ndi ndondomeko ya zochita mpeni usanagwiridwe. Munthu wazaka zoposa 40 akabwera ndi mwanabere wolimba, wosapweteka, amene watha masabata 3 osaphwa, tiziganizira khansa mpaka titapeza umboni wina. Kuno kwathu maganizo amathamangira ku TB, ndipo m'pomveka poti ndi yofala. Koma wodwala akangoyambitsidwa mankhwala a miyezi 6 osamuyeza, chotupa chimakula iye akumwa mapiritsi mokhulupirika.

Pafupifupi 9 mwa khansa 10 zilizonse za mbali imeneyi ndi squamous cell carcinoma, khansa yoyambira pakhungu lofewa lokuta mkati mwa kamwa ndi mmero, ndipo mwanabere ndi kumene yangofalikira. Gwero lake lisakidwe. Funsani za fodya ndi kachasu, kusasa mawu, kuvutika kumeza, ndi khutu lopweteka mbali imodzi pomwe mkati mwake mulibe vuto. Valani magolovesi mukhudze m'mbali mwa lilime ndi kunsi kwake, chifukwa chala chimamva kulimba kumene diso silikuona. Kenako kachubu kounikira kalowe m'mphuno mpaka pakholingo.

Mwanabereyo abayidwe ndi singano yaing'ono ya FNA, ngati n'kotheka mukuyang'ana pa sikani, ndipo zotengedwazo ziyezedwe khansa ndi TB yomwe. Kumucheka kuti mutengeko kachidutswa kumang'amba chikuto chake, maselo a khansa amamwazikira m'minofu, chipseracho n'kudzavutitsa pa opaleshoni yeniyeni. Singano ikaloza ku lymphoma, khansa yoyambira mwa anabere momwemo, imene timaiona kawirikawiri kwa amene ali ndi HIV, apo ndiye pamafunika chidutswa chokulirapo.

Pochotsa chotupa cha palilime, dulani motalikira sentimita imodzi kuzungulira konse, kuya kwake komwe. Nyama imafota ikachotsedwa ndi kuikidwa mu formalin, mankhwala oisungira kuti isawole, pomwe kulabu akufuna mamilimita 5 opanda khansa. Ambiri amaphonya kunsi, osati m'mbali.

Nanga khosi likamaoneka labwinobwino? Kafukufuku wa kuchipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti mwa odwala khansa ya m'kamwa yongoyamba kumene amene anachotsedwa anabere nthawi yomweyo, 80 pa 100 anali moyo patatha zaka 3, pomwe mwa amene anadikira anali 67.5. Choncho anabere a m'zigawo I mpaka III za khosi, kuchokera pansi pa chibwano mpaka pakati pa khosi, achotsedwe, makamaka komwe wodwala amachokera kutali ndipo sangabwere kudzayezedwa mwezi ndi mwezi.

Dokotala wa ku America George Crile mu 1906 ankachotsa anabere pamodzi ndi mnofu waukulu wa m'khosi ndi mtsempha wamagazi wa jugular. Masiku ano zimenezi, pamodzi ndi mtsempha wa accessory woyendetsa phewa, zimasungidwa ngati khansa sinazigwire. Wa accessory ukavulala, phewa limagwa ndipo mkono sukwera bwino. Wa marginal mandibular umadutsa m'munsi mwa chibwano. Ukadulidwa, mlomo wam'munsi umapotoka pomwetulira. Kumanzere, pamwamba pa fupa la kolala, pali thoracic duct, njira yonyamula madzi amafuta ochokera m'matumbo. Ikabooka, chubu chotulutsa madzi pabala chimadzaza zoyera ngati mkaka wodwala akangoyamba kudya. Kudontha kochepa kumasiya ndi zakudya zopanda mafuta, kochuluka kumafuna kubwerera ku fiyeta kukamanga.

Ngati pakufunika radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ndi cheza, iyambe masabata 6 asanathe chichitikire opaleshoni, mano owola atazulidwa kale kuti nsagwada isadzawole. Khansa ikapezeka m'mphepete mwa podulidwa, kapena itaboola chikuto cha mwanabere, amawonjezerapo mankhwala a khansa otchedwa cisplatin, bola impso zikhale zikugwira bwino ntchito.