Madilowa a kabati yanga atheka

Abale anga, lero mtima wakhala m'malo. Kabati ya zipangizo ija ndimakhoma kuno ku Luwinga yatha, madilowa onse 6 akungoti see, osakakamira.

Chinandisautsa ndi felemu yakutsogolo. Imalowa mkati kuposa thabwa la m'mbali, ndiye runner, kanjanji komwe dilowa imayendapo, ukangoikhomera pathabwapo, dilowa imagunda felemu. Ndinacheka timatabwa ta paini wa ku Chikangawa, n'kutipala mpaka tafanana ndi felemuyo, kenako runner pamwamba pake. Mbali iliyonse ya dilowa ndinasiya mpata wa 12.7mm wolowamo runner. Dilowa yoyamba ndinaikulitsa pang'ono chabe, inakanirira pakati, ndinachita kuiphwasula.

Matabwawo ndinayamba ndawaumitsa bwino, poti chinyezi cha kuno ku Mzuzu chimafufumitsa thabwa. Matchizulo ndi mapuleni anga apeza pokhala. Mawa ndiika zogwirira.