Ulendo wathu wokaona mmene anzathu amaonera mabuku ndi ana kunyumba

Gulu lathu la makolo ndi olera ana lakhala ndi bokosi la mabuku kwa nthawi ndithu, koma pamsonkhano uliwonse pamabwera funso lomwelomwelo: mwana amene sanayambe n'komwe kulankhula, buku achita nalo chiyani? Titamva kuti kudera lina kuli gulu longa lathu limene mabuku ake amagona m'makomo mwa anthu osati m'bokosi, tinawapempha kuti tikawachezere. Anavomera. Lipoti lino ndalembera anzathu amene sanathe kupita nawo.

Za m'njira sinditayirapo nthawi. Tinanyamuka m'mamawa, basi inatichedwetsa, ndipo tinapeza eni ake atatidikira kale. Malonje atangotha, mayi amene amatsogolera gululo anatigawa awiriawiri. Anati ntchito yawo sioneka m'holo, choncho aliyense apite ndi womulondolera akaone pakhomo.

Ine ndinapita ndi bambo wina wa m'gulu lathu amene anaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri asanapume pantchito. Tinafikira kwa agogo aakazi amene akulera mdzukulu wosakwana zaka ziwiri. Agogowo sadziwa kuwerenga, ndipo anatiuza okha, akuseka, ife tisanafunse. Anakhala pansi n'kumuika mwana pamiyendo, msana wake utatsamira pachifuwa chawo, kuti onse awiri aziona tsamba limodzi. Buku anagwira ndi mwanayo. Analitsegula chapakati, agogo osamubweza kuti ayambire koyambirira. Kachala kanagwera pa chithunzi cha galu.

"Eee, wamuona galu! Akutani galuyu, mama?"

Mwana anati, "Huu!"

"Inde, akuuwa. Huu, huu! Nanga akuuwa ndani? Taona uku, kamwana ka mbuzi kakuthawa. Kali kuti kamchira kake?"

Kachala kanasakasaka mpaka kanapeza mchira, ngakhale unali wa galu. Agogo sananene kuti walakwa. Anangoti uwo ndi mchira wa galu, wautali, ndipo wa mbuzi ndi uwu, waufupi. Anakhala pa tsamba limenelo nthawi yaitali, mwana akuloza, iwo akutchula, kenaka n'kukhala chete kudikira kuti alozenso china. Kudikirako ndi kumene kunandigwira mtima. Ambiri a ife tikamufunsa mwana timayankha tokha iye asanatsegule pakamwa. Patapita kanthawi mwana anatseka buku, n'kutsika, n'kumapita kukasewera. Agogo anamusiya. Zonsezi sizinakwane mphindi khumi.

Titatuluka, aphunzitsi athu aja anapukusa mutu. Anati pansi pa chithunzi chija panali chiganizo chonse, koma palibe liwu lake ngakhale limodzi limene linatchulidwa. Buku silinathe. Mwana sanasonyezedwe a, e, i, o, u. Kwa iwo kumeneku kunali kuonera zithunzi basi, osati kuwerenga.

Nkhaniyi anaitenga mpaka pamene tonse tinakumananso masana, ndipo inatidyera nthawi yambiri kuposa ina iliyonse. Mtsogoleri wa anzathuwo sanatsutse kuti malembo ndi ofunika. Anangofunsa kuti mwana akadzafika m'kalasi yoyamba n'kuphatikiza ga ndi lu, adzadziwa bwanji kuti wawerenga chinthu ngati liwulo silinalowe kale m'mutu mwake? Kuphatikiza malembo mwana amaphunzira m'miyezi ingapo akafika msinkhu wake. Koma mawu amene adzakumane nawo m'mabuku, monga kuuwa, kuthawa, wautali, waufupi, pamwamba, kuseri, dzulo, amasonkhanitsidwa zaka zambiri sukulu isanayambe, ndipo amachokera pakamwa pa munthu amene amakhala naye. Ine pamenepa ndili mbali ya agogo aja. M'mphindi zochepa zija mwana anamva mawu ambiri kuposa amene anali m'chiganizo cha pansi pa chithunzi, ndipo anawamva pa nthawi imene maso ake anali pa chinthu chimene wasankha yekha.

Njira imeneyi sanaipeke ndi anzathuwa, ndipo iwo sanabise. Nditabwerako ndinakafufuza zimene anatchula. Mu 1988, Grover Whitehurst ndi anzake ku New York anaphunzitsa makolo a ana a zaka ziwiri kuti pogwiritsa buku la zithunzi azifunsa mafunso osangoyankhidwa kuti inde kapena ayi, aziyamikira yankho la mwana, ndiponso aziwonjezerapo mawu pa zimene mwanayo wanena. Patangotha mwezi, ana amenewa ankatha kufotokoza zinthu bwino kuposa anzawo amene ankangowerengeredwa mwa nthawi zonse. Kwa ine chokopa kwambiri ndi kafukufuku wa ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Kumeneko Zahir Vally, Lynne Murray, Mark Tomlinson ndi Peter Cooper anaphunzitsa olera ana a miyezi 14 mpaka 16 kuonera nawo mabuku, kwa masabata asanu ndi atatu okha. Anawo anadziwa mawu ochuluka, komanso ankatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yotalikirapo. Mfundo zake zinali zomwe tinaziona pamiyendo ya agogo aja: tsatira chimene mwana akuyang'ana, loza, tchula, lumikiza ndi zimene amaziona pakhomo. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amayerekeza macheza oterewa ndi kuponyerana mpira. Mwana waponya ndi kachala kapena ndi kaphokoso, wamkulu wawakha n'kubweza, ndipo pobwezeranapo m'pamene ubongo umakulira.

Aphunzitsi athu sanagonje kotheratu, ndipo sindikuwadandaula. Anati nanga mwana wa zaka zinayi kapena zisanu, naye azingoloza agalu? Apa anzathuwo anavomereza kuti akamakula zinthu zimasintha. Mwana wotere amafunsidwa kuti ukuganiza kuti chichitike n'chiyani tsamba linalo, n'chifukwa chiyani mnyamatayu akulira, iwe ukanatani. Amapatsidwa buku kuti afotokozere mng'ono wake nkhani yonse. Kholo lodziwa kuwerenga limayendetsa chala pansi pa mawu, kuti mwana aone kuti timayambira kumanzere kupita kumanja, ndiponso kuti timizere takudato ndi timene tikulankhula. Chilembo choyamba chimene amamusonyeza ndi cha dzina lake, n'kumachisaka limodzi pa tsamba, pa katoni, pa chikwangwani cha m'njira.

Bokosi lawo la mabuku linatichititsa chidwi pa chifukwa china: munali mabuku ochepa kwambiri. Ambiri anali kunja. Banja limatenga buku limodzi, kulemba m'kaundula, n'kudzasintha pamsonkhano wotsatira. Mabuku amene tinawaona anali akuda ndi timanja, m'makona mwake molumidwa, ena osokedwa ndi ulusi pamsana. Mayi wosunga kaundula anati buku likang'ambika salipiritsa munthu, chifukwa mukangolipiritsa kamodzi makolo onse amakalibisa pamwamba pomwe mwana safikira, n'kudzalibweza loyera bwino koma losatsegulidwa. M'malo mwake ali ndi tsiku lokonza mabuku, pamene amabwera ndi singano, ulusi ndi zomatira. Makanda amene amaika chilichonse m'kamwa amawapatsa a masamba olimba kapena a nsalu.

Tinafunsa komwe amapeza mabuku. Ena anapatsidwa, koma ambiri amasindikiza okha kuchokera pa intaneti. Anatchula African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, kumene kuli nkhani za ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa, zimene munthu ali ndi ufulu wozitsitsa, kuzisindikiza ndi kuzimasulira popanda kulipira. Anatchulanso Book Dash, imene inayamba mu 2014. Kumeneko wolemba, wojambula ndi wokonza masamba amadzipereka kupanga buku lathunthu m'maola 12, ndipo cholinga chawo n'chakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akeake pofika zaka zisanu. Ena mwa mabukuwa alibe mawu n'komwe, zithunzi zokhazokha, ndipo anzathuwo akuti amenewa ndi amene amalimbiranidwa, chifukwa kholo losawerenga silichita nawo manyazi.

Palinso opanga okha. Amadula katoni timasamba tofanana, n'kumata chithunzi chimodzi chachikulu pa tsamba lililonse, chodula m'kalendala yakale kapena chojambula ndi mwana wa sukulu, n'kuboola m'mphepete ndi kumanga ndi chingwe. Ndinaona limodzi la zinthu za m'nyumba: kapu, supuni, nsapato, chipeso, ndowa. Mayi wake amati mwana akaloza kapu ya m'buku, amamutuma kuti akatenge kapu yeniyeni. Chinthu chaching'ono, komatu apa mwana akuphunzira kuti chojambulidwa papepala chimaimira chinthu chenicheni, ndipo kuwerenga konse kwagona pamenepo.

Masewera ena amene anatisonyeza ndi osafuna kugula kanthu. Zivindikiro za mabotolo amaziika m'magulu potengera mtundu, kapena kuzindandalika chofiira, choyera, chofiira, choyera, n'kumufunsa mwana kuti chotsatira n'chiti. Timiyala amawerengera, mwana akukhudza kamodzikamodzi potchula nambala, chifukwa ana ambiri amaimba manambala mpaka khumi ngati nyimbo koma ukawauza kuti akupatse timiyala titatu amadzaza dzanja. Makapu osiyana kukula amalowetsana, laling'ono m'lalikulu. Pochapa, mwana amasaka sokosi yofanana ndi inzake. Khanda amalibisira supuni pansi pa nsalu kuti liifunefune. Anatichenjeza chinthu chimodzi mobwerezabwereza: zivindikiro ndi timiyala si za mwana wosakwana zaka zitatu, angameze n'kutsamwa.

Pamene ankatisonyeza zidolezi ndinakumbukira za ku Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anayamba ntchito mumzinda wa Kingston ndi ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Alangizi a zaumoyo ankayendera mabanja ena ola limodzi sabata iliyonse kwa zaka ziwiri, n'kumasonyeza amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa zidole zopanga okha ndi timabuku ta zithunzi. Patatha zaka pafupifupi 20 anawo anafufuzidwanso, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zoposa anzawo ndi 25 peresenti. Sindikunena kuti zivindikiro za mabotolo zimalemeretsa munthu. Kumeneko kunali kuyendera kosadukiza, kwa anthu ophunzitsidwa bwino, ndipo gulu lodzipereka ngati lathu lisamalonjeze makolo zimene silingakwanitse. Koma mmera mpoyamba ndithu.

Nkhani ya foni inabuka yokha. Mayi wina wa kwathu anati mwana wake amadziwa nyimbo za manambala chifukwa cha makatuni, ndiye vuto lili pati? Anzathuwo anatchula malangizo a bungwe la World Health Organization a mu 2019, akuti khanda ndi mwana wa chaka chimodzi asamaonere foni kapena TV, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Malangizo omwewo amalimbikitsa kuti mwana akakhala pansi, wamkulu azimuwerengera kapena kumusimbira nthano. Katuni imalankhula koma siyankha mwana akaloza. Komabe palibe amene anamunyoza mayiyo. Tonse tikudziwa madzulo amene ntchito yachuluka ndipo foni ndiyo yokha imatontholetsa mwana. Anangomulangiza kuti ngati nkhani ili pa foni, akhale naye pafupi n'kumaiimitsa kuti akambirane, monga amachitira ndi buku.

Si zonse zimene zinandisangalatsa. Abambo m'gulu mwawo ndi owerengeka, ndipo anavomera kuti sanapeze njira yowakokera. Bambo mmodzi yekha amene anzathu ena anakamuona pakhomo akuti amasintha mawu potsanzira nyama iliyonse mpaka ana a nyumba zoyandikana amasonkhana, ndiye luso lilipo, chosowa ndi kuwaitana m'njira yoti asaone ngati alowa za amayi. Chinanso, za ana amene samva kapena saona bwino anangozikhudza pamwamba, pamene ife tili ndi mabanja amene akufuna thandizo lenileni pa zimenezi. Tinagwirizana kuti magulu onse awiri akafunse kwa alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi odziwa za ana otere.

Pobwerera tinamanga mfundo zingapo m'basi momwemo. Mabuku athu ayamba kupita m'makomo, ndipo mlembi akonza kaundula. Pamsonkhano uliwonse kholo limodzi lizionera buku ndi mwana wake pamaso pa ena kwa mphindi zochepa, kuti atsopano aone ndi maso osati kungouzidwa. Aphunzitsi athu aja anadzipereka kupanga makadi a zilembo za mayina a ana a zaka zinayi ndi zisanu, ndipo tinawavomera, malinga asawafikitse kwa makanda. Chimene sitinamvane ndi nkhani ya buku lotayika. Ena akuti wotaya apange lina la katoni m'malo mwake, ena akuti akapanda kulipira kanthu mabuku atha mwezi umodzi. Imeneyi tiiponyera voti tikakumana tonse.

Anzathuwo alonjeza kudzatibwezera ulendo, ndipo adzafuna kulowa m'makomo monga anatichitira ife. Pamsonkhano ukubwerawu aliyense abweretse makatoni oyera, makalendala akale, lumo kapena sizasi, singano yaikulu ndi ulusi wolimba.