Miyezi imene kaundula sanalembe kanthu

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Ntchito yolemba mbiri ya mpingo wathu wa Lutheran kuno ku Kasungu, imene anatipatsa pa maphunziro a zaumulungu, yandizunguza mutu dzinja lonseli, koma chimene chinkandisowa ndachigwira. Mpingo wathu sunayambe tsiku limene anaika mwala wa maziko a tchalitchi, ndipo mbiri yake si mndandanda wa abusa amene anadutsapo.

Za 1517 ndi Wittenberg, kumene Martin Luther anayambira kukonzanso mpingo, sindibwereza, tonse a m'kalasi tinakhoza. Chimene chinandimasula ndi ndime 7 ya Chivomerezo cha Augsburg cha mu 1530, chikalata cha chikhulupiriro cha a Lutheran, ija imati mpingo ndi msonkhano wa oyera mtima kumene Uthenga Wabwino umaphunzitsidwa moona ndiponso masakramenti amaperekedwa moyenera. Mulibe njerwa m'menemo, mulibe malata, mulibe dzina la mmishonale. Ndimeyi timailoweza chifukwa cha mayeso, koma anzanga, imatiuzanso koyambira polemba mbiri: funsani kumene anthu anayamba kusonkhana kuti amve Mawu, ndi amene ankawasonkhanitsa.

Ndipo mbiri ya mpingo wathu waukulu, Evangelical Lutheran Church in Malawi, yonse imavomereza zimenezi. Mpingowu unayamba mu 1982 ndi akhristu wamba amene anabwerera kumudzi kuchokera ku Tanzania, motsogozedwa ndi a Gilbert Msuku. Bishopu woyamba, a Joseph Bvumbwe, anadzozedwa ubishopu mu 1995, patapita zaka 13. Abale athu a Lutheran Church of Central Africa njira yawo ndi ina: amishonale a sinodi ya Wisconsin ya ku America anachokera ku Zambia n'kufika ku Blantyre mu 1963, ndipo abusa awo amayambira ku Lutheran Bible Institute ku Lilongwe n'kukamalizira ku seminale ya ku Lusaka. Anthu kuno amangoti "a Lutheran" osasiyanitsa, koma wolemba mbiri akasakaniza awiriwa, zonse zasokonekera.

Vuto ndi loti chitsanzo chimene tonse tili nacho m'mutu ndi cha mishoni ya Mvera mu 1889, kapena cha mishoni ya Chilanga kuno ku Kasungu: mmishonale afika, apempha malo kwa mfumu, amanga sukulu ndi chipatala, belu liyamba kulira. Ife tinafika Kasungu ali kale ndi Buku Lopatulika m'nyumba zambiri, anthu akudziwa kale nyimbo za Mulungu. Ukaveka mpingo wathu malaya a Chilanga, sukwana, ndipo umaoneka ngati ulibe mbiri.

Mbiriyo ili mu kaundula wa ubatizo. Apa ndiye ndikufuna mundimve bwino. Musawerenge mayina okha. Tengani pepala, lembani madeti okhaokha motsatizana. Mwa ife zimene zimatuluka ndi izi: tsiku limodzi ana ndi akuluakulu ambirimbiri abatizidwa, siginecha imodzi, kenaka zii, miyezi osalembedwa kanthu, kenaka khamu linanso tsiku limodzi. Tsiku la khamulo ndi limene abusa anafika. Nanga miyezi ya zii ija, anthu amene anabatizidwawo anawakonzekeretsa ndani? Katekisimu Wamng'ono wa Luther, uja wa 1529, anawaphunzitsa ndani mpaka kudziwa Malamulo Khumi, Chikhulupiriro ndi Pemphero la Ambuye? Pamaliro ankaima ndani? Ndinatenga madeti amenewo n'kupita nawo kwa amayi achikulire a mumpingo, ndipo m'malo mofunsa kuti mpingo unayamba liti, ndinkafunsa kuti pakati pa ulendo uwu wa abusa ndi winawu munkapemphera kuti. Mayankho anachita kusefukira. Pakhonde la mkulu wampingo wina, m'kalasi ya sukulu yobwereka, nthawi ina m'chigafa fodya atachoka. Mayi wina anandiyankha kuti, "Mwanawe, mlaliki akadwala, ulaliki unkawerengedwa ndi aliyense wodziwa kuwerenga, Lamulungu silinkapita pachabe." Umenewo ndiwo moyo wa mpingo, ndipo kaundula amauonetsa ndi kukhala chete kwake.

Danga la mudzi wochokera nalonso lili ndi nkhani. Muli midzi ya kuno, koma mulinso mayina a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, matenanti a m'maesiteti a fodya. Banja lioneka, libatizitsa mwana, fodya akagulitsidwa osaonekanso. Tsono mpingo unkakula ndi kuchepa motsata nyengo ya fodya, osati motsata luso la abusa monga mmene lipoti la pachaka lingakuchititseni kuganiza. Ine ndafika poti ndingaike kaundula patsogolo pa buku lina lililonse la mbiri ya mpingo. Maminitsi a misonkhano amalemba mlembi zimene akuluakulu afuna zikumbukidwe, okalamba nthawi zina amasakaniza zaka, koma deti la ubatizo palibe amene anali ndi chifukwa cholikometsera. Ndikadakhala ine wokonza silabasi, chaka choyamba chonse chikadakhala chowerenga makaundula basi.

Chondiwawa ndi chakuti palibe mphunzitsi amene anatchulapo njira imeneyi. Pepala la malangizo likufuna chaka chimene mpingo unakhazikitsidwa, abusa motsatizana, ndi zomangamanga, ndipo malikisi ambiri ali pamenepo. Ndinatumiza funso, yankho linabwera mochedwa, nalonso longoti tsatirani malangizo. Nthawinso ndi yochepa moti zimandipweteka. Ntchito anaipereka nyengo yobandira ndi kuthira feteleza, pamene agogo amene ndikufuna kucheza nawo ali kumunda mpaka dzuwa kupendeka, ine mkati mwa sabata ndili kuntchito. Ena mwa amene ankatsogolera mapemphero pakhonde paja anatisiya kale, ndipo otsalawo sadikira kalendala ya sukulu. Makaundula enanso chiswe chinayamba kale kuwalawa m'kabati ya kuvesitile.

Pali chimodzi chimene sichinandikhalire bwino. Ndime 7 ija imatchula zinthu ziwiri, Mawu ndi masakramenti, ndipo ndime 14 imati munthu asaphunzitse poyera kapena kupereka masakramenti popanda kuitanidwa mwadongosolo. Ndiye miyezi ija ya pakhonde, pamene Mawu ankawerengedwa koma Mgonero wa Ambuye kunalibe, ndiilembe kuti mpingo unalipo kale, kapena kuti anthu ankaudikira? Mtima wanga ukuti unalipo, pakuti obatizidwa anali pomwepo. Mnzanga wa m'kalasi akuti ndiyambire pa Mgonero woyamba, ndipo mfundo yake sindingaitaye. Danga la chaka chokhazikitsidwa pa pepala lija likadali losalemba, ndipo ntchito ikufunika kumapeto kwa mwezi uno.