Senti yanga ya 1955 yabwerako koyezedwa

Kaphukusi kanafika Lachiwiri, patatha masabata asanu ndi awiri chitumizireni. Ndinakasiya patebulo mpaka usiku, n'kumangokazungulira ngati galu woti wapeza kanungu. Mkatimo munali kandalama kamodzi kokha kachitsulo, senti ya ku America ya chaka cha 1955, yomwe yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira chaka chatha.

Ndi senti ija ya mutu wa Abraham Lincoln, yokhala ndi ngala ziwiri za tirigu kumbuyo, mtundu umene unkasulidwa kuyambira 1909 mpaka 1958. Masenti a 1955 si osowa ayi. Fakitale ya ku Philadelphia yokha inasula oposa 330 miliyoni. Koma pakati pawo pali kagulu kochepa komwe zilembo zakutsogolo zinatuluka ziwiriziwiri, moti ukayang'ana chaka chija umayamba wadzitikita m'maso kuganiza kuti vuto ndi iweyo. Otolera ndalama amautcha mtundu umenewu 1955 Doubled Die Obverse, kutanthauza kuti chidindo cha kutsogolo chinali chowirikiza.

Chimene chinachitika n'chakuti kalelo chidindo chosulira ndalama ankachipanga pochikanikiza kangapo pachitsulo china chokhala ndi chithunzi chotukuka, chotchedwa hub. Akakanikiza kamodzi ankachiwotcha chidindocho kuti chifewe, n'kuchibwezeranso. Chidindo chimodzi atachibwezera sichinakhale ndendende pomwe chinali poyamba, chinapotoka pang'ono mozungulira. Ndiye chifukwa chake nkhope ya Lincoln, yomwe ili pakati, imaoneka yabwinobwino, pomwe zam'mbali, chaka, mawu akuti LIBERTY ndi akuti IN GOD WE TRUST, zili ziwiriziwiri zosachita kufunsa. Cholakwikacho chinali m'chidindo, kotero senti iliyonse yotuluka m'chidindo chimenecho inatengera chimodzimodzi. Zimene zinapita kwa anthu amaziyerekeza kuti zinali pakati pa 20,000 ndi 24,000, ndipo zambiri zinatulukira chakumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, zina zili m'mapaketi a ndudu za m'makina ogulitsira, momwe ankalowetsamo masenti awiri ngati chenji.

Yanga ndinaipeza kwa bambo wina wachikulire, mnzanga pa zotolerazi, amene maso ayamba kumuvuta ndipo akuchepetsa katundu wake pang'onopang'ono. Tinasinthana: ine ndinapereka ndalama zingapo zasiliva zimene ndinazisunga zaka zambiri, iwo n'kundipatsa kasenti kamodzi m'kaenvelopu kachikasu kothaitha. Anandiuza mosabisa kuti sanakayezetsepo kwa akatswiri. Ndinavomera ndikudziwa zimenezo.

Miyezi yoyamba ndinkadziyesa katswiri ndekha. Pasikelo inalemera magalamu 3.09, pomwe yatsopano imayenera kukhala 3.11, kusiyana koti sikungadetse nkhawa. M'mimba mwake mamilimita 19, bwinobwino. Kenako ndinakhala usiku wambiri ndi kagalasi kanga kokulitsa zinthu kakhumi. Pali kuwirikiza kwina kumene kumapusitsa anthu ambiri, kochitika chidindo chikagwedera pang'ono pomenya. Kumeneko chilembo chachiwiri chimakhala chophwathalala ngati kasitepe, ndipo chimadya mbali ya chilembo choyamba. Palinso masenti ena a 1955 ochokera m'zidindo zotopa, omwe 5 womaliza amaoneka ngati ali ndi chithunzithunzi pambali. Amenewo anthu amawaseka kuti ndi doubled die ya amphawi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Yanga sinali choncho. Zilembo zonse ziwiri zinali zotukuka, zobulungira pamwamba, zokhala ndi kampata pakati. Kumbuyo ndinafunafuna timizere tating'ono toimirira chakumanzere kwa T wa mawu akuti CENT, totsalira popukuta chidindo, tomwe timadziwika kuti timapezeka pa zenizeni. Tsiku lina ndinkationa, tsiku lina osationa, kutengera mmene nyali yakhalira komanso, ndivomere, mmene mtima wadzukira.

Apo ndi pomwe ndinagonja. Maso a mwini chinthu amaona zimene akufuna kuona. Komanso opanga zachinyengo masiku ano sachita kukanda zilembo ndi singano ayi. Amatenga senti yeniyeni, n'kukopera chidindo kuchokera pa iyo, ndiye kuwirikiza kwa zilembo kumatengedwanso momwemo, kulemera n'kukhalanso kolondola. Chimawaulula ndi tinthu toti munthu woti wagwirapo imodzi yokha sangatizindikire: khungu la chitsulo lokhala ngati la mchenga, timatuza tating'ono, kapena kachipsera komweko kobwerezedwa malo amodzimodzi pa ndalama zambiri. Ine ndinalibe ina yofanizira nayo.

Makampani odziwika pantchito yoyeza ndalama ngati zili zenizeni n'kuzipatsa giredi ndi a ku America komweko. ANACS inayamba mu 1972, PCGS mu 1986, NGC mu 1987. Ndinasankha imodzi mwa zitatuzi, kudzera kwa wogulitsa ndalama zakale amene ali ndi chilolezo chotumiza, popeza pa ndalama imodzi yokha sindinaone chifukwa cholipirira umembala. Fomu yake imafuna kudekha. Umalemba dziko, chaka, mtundu wa ndalama, ndi mtengo umene ukuganiza kuti ingagulidwe, ndipo mtengo umenewo ndi womwe umasonyeza gulu la malipiro komanso inshuwalansi. Pamzere wa mtundu wapadera ndinalemba FS-101, nambala imene chidindo chimenechi chimadziwika nayo m'kaundula wa ndalama zamitundu yapadera wolembedwa ndi Fivaz ndi Stanton. Ndinawerenga mzere umenewo katatu.

Kulongedza ndiye kunanditulutsa thukuta. Sentiyo ndinaigwira m'mphepete mokha, pamwamba pa kansalu kofewa, n'kuilowetsa m'kathumba kapulasitiki kouma kopanda PVC. Timatumba tofewa tija tili ndi PVC, ndipo pakapita nthawi timasiya utoto wobiriwira wonanda umene umadya mkuwa. Palibe stepulo, palibe selotepi pafupi ndi ndalama. Ndinaijambula mbali zonse ziwiri ndisanatseke, makamaka kachipsera kakang'ono kamene kali paphewa la Lincoln, kuti ikadzabwera ndidzaizindikire kuti ndi yanga yomwe ija.

Podikira ndinayamba kulota manambala. Sikelo yamagiredi, yosonyeza mmene ndalama yasungikira, imayambira pa 1 mpaka 70, ndipo inachokera kwa William Sheldon mu 1949. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi ndalama zoti sizinayendepo m'manja mwa anthu. Pansi pake pali AU, yoti yangokhudzidwa pang'ono pamalo otukuka, yokhala ndi 50, 53, 55 ndi 58. Pa ndalama zamkuwa amaonanso mtundu: RD ngati ikadali yofiira ngati yatsopano, RB ngati yayamba kuda, BN ngati yasanduka yodera. Yanga yaphwathalala pang'ono patsaya ndi pansagwada, koma mizere ya ngala za tirigu ikadali yakuthwa. Ndinalemba pakapepala kuti AU 55, n'kukabisa m'dirowa kuti ndisadzadzinamize pambuyo pake kuti ndinkadziwa kale.

Nditatsegula Lachiwiri usiku, ndinapeza sentiyo itamatidwa m'kabokosi kolembedwa zotsatira zake, ndipo diso langa linathamangira mzere wa dzina. Doubled Die Obverse, FS-101. Ndi yeniyeni. Ndinakhala pansi kaye. Kenako ndinafuna nambala ya giredi, koma panalibe. M'malo mwake panalembedwa kuti AU Details, ndipo pansi pake liwu limodzi lokha, Cleaned.

Kutanthauza kuti ndalamayo ndi yoona, kutha kwake kuli pa AU monga ndinkaganizira, koma wina anaitsukapo, ndiye sangaipatse nambala. Poyamba mtima unakana. Chaka chathunthu ndikuiyang'ana, kutsukako ndikanalephera kukuona bwanji? Ndinazimitsa magetsi onse m'chipinda, n'kusiya nyali imodzi yapatebulo. Ndinagwira kabokosi komatidwa kaja n'kumakapendeketsa pang'onopang'ono, uku ndikukazunguza. Pa ngodya ina yake, malo osalala amene ali kutsogolo kwa nkhope ya Lincoln anangoti ng'anii ndi timizere tosawerengeka, topyapyala kuposa tsitsi, tonse tolowera mbali imodzi. Nditapendeketsanso pang'ono tinazimiririka. Timizere ta chidindo timakhala totukuka ndipo timalowa pansi pa zilembo. Iti tinali tokumbika, tokwera pamwamba pa zilembo ndi pachibwano pomwe. Ndinaonanso chimene ndinkachitcha kukongola: pakati pa sentiyo m'powala motuwira ngati pinki, pomwe m'makona a zilembo mwatsalira mtundu wakale wodera, momwe nsalu sinafike.

Chaka chonse chija ndinkayang'ana zilembo zokha. Malo opanda kanthu sindinawapatseko ngakhale mphindi zisanu, komanso ndinkagwiritsa ntchito nyali yowala ponseponse, imene imabisa timizere totere.

M'mawa mwake ndinawaimbira foni achikulire aja.

"Bambo, yabwera. Ndi yeniyeni."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nditawauza za liwu linalo anakhala chete pang'ono.

"Aa, mwana wanga, ameneyo ndi ine. Ndili mnyamata ndinkaona ngati ndalama yakuda ndi yauve. Ndinaipaka mankhwala opukutira mkuwa, kamodzi kokha, ndi kansanza. Inawala bwino zedi tsiku limenelo."

Anafuna kundibwezera imodzi mwa zasiliva zija. Ndinakana, chifukwa anandiuziratu kuti sinayezedwepo, ndipo kagalasi kanali m'manja mwanga, osati mwawo. N'zoona kuti ndalama ya Details imagulidwa motsika poyerekeza ndi inzake yokhala ndi nambala, ndipo otolera ena safuna n'kuiyang'ana komwe. Mnzanga wina wandiuza kale kuti ndiswe kabokosiko, ndiisiye sentiyo zaka zingapo ide yokha, kenako ndidzayesere kampani ina. Sindichita zimenezo. Kuda kungabwerere, koma chitsulo chimene chinachoka ndi kansanza kaja sichibwerera, ndipo ndikanakhala ndikungofuna kupusitsa munthu wodzaigula m'tsogolo. Nambala ya satifiketi ndaifufuza pawebusaiti ya kampaniyo, popeza timabokosi tachinyengo tiliponso, ndipo zonse zikugwirizana. Kachipsera ka paphewa kalinso pomwepo.

Usiku wathawu ndinatulutsa thireyi yonse ya masenti anga amkuwa, 41, n'kuwadutsitsa imodziimodzi pansi pa nyali imodzi ija. Asanu ndi limodzi ali ndi timizere tomwe tija, ndipo awiri mwa amenewo ndinkawawerengera m'gulu la abwino kwambiri. Ndawaika pambali ndi kapepala kofiira. Yotsatira kutumiza inali senti ya 1972, yomwenso ili ndi zilembo zowirikiza, koma chaka chimenecho zidindo zowirikiza zinalipo zingapo ndipo chimodzi chokha ndicho chimafunidwa kwambiri. Imeneyo iyambe yadikira. Sabata ino ndikuyang'ana malo ake osalala okha, zilembo ndiziona sabata yamawa.