Ulusi ndiwo unabala njanji

Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu pa selefu, osadzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, n'kudzapeza ntchito ku shedi ya sitima kuno ku Salisbury, Harare wa lero. Ankakokolola phulusa pansi pa injini, kusenza malasha ndi kupukuta zitsulo, poti kuyendetsa kunali kwa azungu okha. Nyumba anapatsidwa ku Rugare, komboni ya anthu a njanji. Ine ndine telala ku Glen View. Abale amaona ngati ntchito yanga ndi ya agogo n'zotalikirana, koma ine ndimati sitima imene inkawadetsa manja inabadwa chifukwa cha ulusi.

Vuto linayamba ndi John Kay wa ku England. Mu 1733 anapanga kachipangizo kothamangitsa ulusi uku ndi uku pa makina oombera nsalu, ndipo woomba mmodzi anayamba kumaliza ulusi msanga kuposa mmene amayi opota m'nyumba zawo akanathera. Cha m'ma 1764 James Hargreaves wa ku Lancashire anapanga spinning jenny, gudumu limodzi lopota ulusi 8 nthawi imodzi, kungoti ulusi wake sunkachedwa kuduka. Richard Arkwright, amene poyamba anali wometa tsitsi ndi wopanga mawigi, analembetsa makina ake opota ulusi ku boma mu 1769 kuti ena asamatengere, ndipo mu 1771 anamanga fakitale ku Cromford yoyendera madzi, yogwira usana ndi usiku.

Amene amandimvetsa chisoni ndi Samuel Crompton. Mu 1779 anaphatikiza nzeru ziwirizi n'kupanga makina otchedwa mule, otulutsa ulusi wopyapyala komanso wolimba. Aliyense amene ulusi unamudukirapo ali pakati posoka diresi la ukwati akudziwa kufunika kwa zimenezi. Ndalama zolembetsera makinawo analibe, eni mafakitale anangotengera, ndipo anamwalira wosauka ku Bolton mu 1827. Arkwright ndiye anafa ali mpondamatiki, dzina lili ndi Sir kutsogolo.

Ulusi ukaduka pa makina aja, ana ndiwo ankathamangira kukaulumikiza makina akuyenda. Mmodzi mwa ana amenewa anali David Livingstone, amene analowa m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali ndi zaka 10. Ndiye n'zosadabwitsa kuti atafika ku Chigwa cha Shire mu 1859 maso ake anagwera pa thonje. Anapeza Amang'anja akulima, akupota ndi kuomba nsalu zawo ndi manja, iye n'kumaganiza za mafakitale a kwawo.

Injini ya nthunzi ya James Watt itayamba kuzunguza magudumu, fakitale sinafunenso mtsinje. Inkangofuna malasha, choncho mafakitale anadzadza mu Manchester. Thonje lambiri linkachokera ku minda ya akapolo ku America, n'kutsitsidwa pa doko la Liverpool, kenaka n'kumayenda chokwawa pa ngalande, eni ngalandezo akulipiritsa mmene afunira. Amalonda a Liverpool ndi eni mafakitale anatopa nazo ndipo anasonkha ndalama za njanji yolumikiza Liverpool ndi Manchester. Sitima ya nthunzi inalipo kale: Richard Trevithick anayendetsa yake ku Penydarren mu 1804, ndipo njanji ya Stockton ndi Darlington inkanyamula malasha kuyambira 1825. Koma eni njanji yatsopanoyi ankakayikabe, ena ankafuna injini zoima pamalo amodzi zokoka ngolo ndi zingwe. Mpikisano wa ku Rainhill mu 1829 ndiwo unathetsa mkangano. Injini yotchedwa Rocket ya George Stephenson ndi mwana wake Robert inapambana, makamaka chifukwa mpweya wotentha unkadutsa m'mapaipi ang'onoang'ono ambiri mkati mwa thanki ya madzi, nthunzi n'kumapangika msanga. Njanjiyo inatsegulidwa pa 15 September 1830, ndipo tsiku lomwelo Rocket inagunda phungu William Huskisson, n'kumwalira.

Kuno njanji inafika mu 1899 kuchokera ku Beira kudzera ku Umtali (lero Mutare), ndipo mu 1902 inalumikizana ndi ya ku Bulawayo. Malasha ankachokera ku Wankie (lero Hwange). Injini zimene agogo ankapukuta zinali ma Garratt, zimphona zokhala ndi thanki ya nthunzi pakati ndi magudumu oyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo, kuti zizikhota bwino pa njanji yopapatiza. Ankazipanga a Beyer Peacock, ku Manchester komwe kuja. Agogo ankatiuza kuti, "Inu ana simunaone sitima. Ija inkapuma ngati ng'ombe yaikulu." Zina zikadali m'nyumba yosungirako zakale za njanji ku Bulawayo.

Ngakhale dzina la David Whitehead, limene linali pa mafakitale a nsalu ku Chegutu, ku Kadoma ndi ku Blantyre kwathu, ndi la ku Rawtenstall m'chigawo chomwecho cha Lancashire. Amayi anga ankangogwira nsalu n'kudziwa kuti iyi ndi ya Whitehead. Lero nsalu zambiri zimene ndimadula zimachokera kunja, makasitomala ena amandibweretsera za kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo kuti ndiwachepetsere, ndipo thonje lambiri la ku Gokwe limatuluka m'dziko lisanapotedwe.